Amayi amene kafukufuku amawadumpha: tiwapeza bwanji?

Nachisale:
Moni nonse. Ndili ndi funso kwa inu amene mumachita kafukufuku kapena kulemba ndondomeko zokhudza amayi. Ndikukonza kafukufuku woona ngati pulogalamu ina yothandiza amayi ochitiridwa nkhanza ikufikira onse amene inawakonzera. Amene akundiyang'anira andiuza kuti ndigwiritse ntchito intersectionality, ndione mmene tsankho la jenda limalukanirana ndi umphawi, ulumali, msinkhu, mtundu ndi zina zotero. Mfundoyi ndikugwirizana nayo ndi mtima wonse. Koma ndikafika pa mafunso enieni ndi ziwerengero, ndikusowa pogwira. Ndikaika funso la ulumali, wina akuti nanga msinkhu. Ndikaika msinkhu, wina akuti nanga othawa kwawo. Mabokosi amenewa athera pati? Ndigawireniko nzeru.

Tadala:
Achemwali, musanawerenge mabokosi, bwererani kaye kumene nkhaniyi inachokera. Inayambira pa mlandu wa ntchito. Mu 1976 khothi lina la ku St. Louis, ku America, linaweruza mlandu umene amayi asanu achikuda, mmodzi wa iwo Emma DeGraffenreid, anasumira kampani ya General Motors. Chisanafike chaka cha 1964 kampaniyo sinkalemba ntchito amayi achikuda n'komwe. Kenako inayamba kuwalemba, koma chuma chitavuta m'zaka za m'ma 1970 inachotsa antchito potsata lamulo lakuti wolowa pomaliza ndiye woyamba kutuluka. Amayi achikuda onse amene analembedwa chitadutsa chaka cha 1970 ntchito inawathera pomwepo.

Khothi linati tsankho la jenda palibe, poti kampaniyo inkalemba amayi kuyambira kale. Koma amayi akewo anali azungu. Dandaulo la tsankho la khungu linalamula kuti likaphatikizidwe ndi mlandu wina umene unalipo kale. Zoti munthu adandaule monga mayi wachikuda, ziwirizo pamodzi, khothi linakanitsitsa.

Mlandu umenewu ndi umodzi mwa imene Kimberlé Crenshaw, mphunzitsi wa zamalamulo, anaunika m'nkhani yake ya mu 1989, mmene munatuluka dzina limene okuyang'aniraniwo akutchula. Iye anayerekeza ndi munthu woima pamphambano ya misewu: galimoto ikhoza kumugunda kuchokera uku, kapena uko, kapena zingapo nthawi imodzi, koma lamulo likufuna kuti aloze galimoto imodzi yokha kuti athandizidwe.

Taonani kuti lamulo lochotsera antchito lija silinatchule khungu kapena jenda. Poliwerenga linali lofanana kwa aliyense. Ine ndikanakhala inu ndikanayambira pa pulogalamu yeniyeniyo. Kuti mayi alandire thandizo ayenera kuchita chiyani ndi chiyani? Kuimba foni? Kulemba fomu? Kuonetsa chiphaso? Kuyenda ulendo? Pa sitepe iliyonse funsani kuti amene amalepherera apa ndani. Mabokosi anu atuluka m'mayankho amenewo, ndipo muona kuti sachuluka monga mukuopera.

Bambo Mwale:
A Tadala anena zoona, koma tisazembe vuto la ziwerengero limene a Nachisale afunsa, chifukwa lilipodi. Tiyerekeze kuti mwafunsa amayi 1,200. Mwawagawa m'misinkhu inayi, magulu asanu a kapezedwe ka chuma, aulumali ndi opanda ulumali, a m'tauni ndi akumudzi. Apo magulu akwana kale 80. Akanagawika mofanana, gulu lililonse likanakhala ndi anthu 15, koma anthu sagawika mofanana. M'gulu la amayi achikulire, aulumali, osaukitsitsa, akumudzi, mwina mupezamo awiri, mwinanso osapezamo ndi mmodzi yemwe. Pa anthu awiri simungalembe peresenti. Mmodzi akangosintha yankho, chiwerengero chadumpha kuchoka pa 50 kufika pa 100.

Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa m'malipoti ambiri ndi ichi: aika tebulo la jenda, kenako la ulumali, kenako la chuma, lililonse palokha, basi n'kulemba kuti achita intersectionality. Matebulo atatu oyandikana sakuuzani kanthu za mayi waulumali wosauka. Zimafunika kupingasa, kuti muone chimene chimachitika zikakumana mwa munthu mmodzi. Chitsanzo ndi ziwerengero za bungwe la boma loona zaumoyo la CDC ku America za zaka za 2007 mpaka 2016. Zinaonetsa kuti amayi achikuda amafa ndi mavuto a uchembere kuwirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi azungu. Atapingasa ndi maphunziro, anapeza kuti pakati pa amayi okhala ndi digiri kusiyanako kunkafika kasanu, ndipo mayi wachikuda wa digiri anali pachiopsezo chachikulu kuposa mayi wachizungu amene sanamalize sekondale. Mukanangoona tebulo la maphunziro lokha, mukanati sukulu imateteza onse mofanana.

Kondwani:
Ndiloleni ndifunse ngakhale ena sizingawakomere. Kodi kugawagawa kumeneku sikufooketsa nkhondo ya amayi? Pamene amayi ankamenyera ufulu wovota, mphamvu yawo inali polankhula ndi mawu amodzi. Mukawagawa m'magulu 80 a Bambo Mwale, gulu lililonse ndi dandaulo lake, wandale amangotola limodzi lomukomera, enawo n'kuwasiya. Komanso boma silingalembe ndondomeko ya munthu aliyense payekha. Penapake pamafunika kungonena kuti amayi, basi.

Mayi Nankhoma:
A Kondwani, mawu amodzi mukunenawo anali a ndani? Ku America amayi anapeza ufulu wovota mu 1920, koma amayi achikuda ambiri a zigawo zakummwera anakhalabe osavota chifukwa cha mayeso a kuwerenga, misonkho ya povotera ndi ziopsezo, mpaka m'zaka za m'ma 1960, makamaka litabwera lamulo la zovota la 1965. Ku South Africa amayi achizungu anapatsidwa voti mu 1930. Amayi achikuda anadikira mpaka 1994. Pamenepo pali zaka 64, moyo wathunthu wa munthu. Amayiwo anali atagawidwa kale ndi malamulo, wofufuza asanabwere ndi cholembera chake.

Ndiponso amene anayamba kulankhula zimenezi sankafuna kudzipatula. Gulu la Combahee River Collective, la amayi achikuda a ku Boston, linalemba mu 1977 kuti kuponderezana pa khungu, pa jenda ndi pa chuma n'kolumikizana, motero kulimbana nako kuyenera kukhala kwa pamodzi. Linanenanso poyera kuti silikutaya amuna achikuda pa nkhondo yolimbana ndi tsankho la khungu. Ine ndakhala m'misonkhano ya ufulu wa amayi nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti umodzi umatha msanga pamene ena atopa ndi kuuzidwa kuti zanuzo tidzakambirana tikamaliza zofunika.

Chimwemwe:
Ine ndine wosamva. A Nachisale, pulogalamu mukuiunikayo, njira yoyamba yopezera thandizo ndi nambala yoimbira foni? Ndikufunsa chifukwa zambiri za mtundu umenewu ndi mmene zilili, ndipo kwa munthu ngati ine nambala imeneyo ilibe ntchito.

Mnzanga wina wosamva anapita kukadandaula za nkhanza za mwamuna wake. Pa ofesipo panalibe wodziwa chinenero chamanja. Anamupatsa pepala kuti alembe, koma iye sukulu anailekera m'makalasi oyambirira, poti kumene ankaphunzira kunalibe mphunzitsi wodziwa kulankhula naye. Atavutika nazo, wa pa desiki anafunsa ngati pali wachibale amene angamasulire. Amene anabwera ndi mlamu wake, mchimwene wa mwamuna yemweyo. Mnzangayo ankalongosola ndi manja nthawi yaitali, kuloza mabala a pamkono, kenako n'kuyang'ana milomo ya mlamuyo ikutchula mawu awiri kapena atatu okha. Anadziwa kuti zambiri sizikunenedwa, koma akanauza ndani? Anabwerera kunyumba yomweyo tsiku lomwelo. M'kaundula wa ofesiyo analembedwa kuti wathandizidwa.

Mwamuna wosamva nayenso amasowa womasulira. Mayi wakumva nayenso amakumana ndi nkhanza. Koma zimene zinachitikira mnzangayu zimachitika ziwirizo zikakumana, n'kuwonjezerapo sukulu imene anamanidwa ali mwana. Mukamawerenga chiwerengero cha amayi othandizidwa, dziwani kuti iye ali momwemo.

Nachisale:
A Chimwemwe, nkhani ya mnzanuyo yandikhudza kwambiri. Inde, njira yoyamba ndi foni. Ndipo ndalama zimene zilipo zikukakamiza kuti mafunso a kafukufukuyu afunsidwenso pa foni, kwa amayi amene maina awo ali m'kaundula wa pulogalamuyo.

Bambo Mwale:
Pamenepo ndiye pali vuto lalikulu kuposa la mabokosi lija. Mukatenga maina m'kaundula wa othandizidwa, mukufunsa okhawo amene anakwanitsa kufika. Amene analepherera panjira simudzawamva, ngakhale mafunso anu atakhala abwino chotani. Onjezerani njira ina yopezera anthu, monga kudzera m'mabungwe a anthu aulumali kapena a okalamba, ndipo ena muwafunse maso ndi maso.

Pa funso la ulumali, musafunse kuti "kodi muli ndi ulumali?" Ambiri amayankha kuti ayi chifukwa cha manyazi, ena chifukwa sadziona choncho, makamaka achikulire. Gwiritsani ntchito mafunso asanu ndi limodzi a Washington Group, gulu la akatswiri a ziwerengero za ulumali. Amafunsa ngati munthu amavutika kuona, kumva, kuyenda kapena kukwera masitepe, kukumbukira kapena kuika maganizo pa chinthu, kudzisamalira monga kusamba ndi kuvala, ndi kumvana ndi ena polankhula. Yankho lililonse lili ndi milingo inayi, kuyambira palibe vuto mpaka sindingathe n'komwe. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti pafupifupi 16 peresenti ya anthu padziko ali ndi ulumali waukulu. Kafukufuku wanu akapeza 1 kapena 2 peresenti, kayikirani funso lanu kapena njira imene mwapezera anthu.

Pa vuto la magulu aang'ono, sankhani mphambano ziwiri kapena zitatu zimene muli ndi chifukwa chozikayikira, ndipo m'magulu amenewo funsani anthu ambiri mwadala kuposa gawo lawo, kenako mukonze powerengera. Iliponso njira yowerengera yotchedwa MAIHDA, imene Clare Evans ndi anzake anailongosola mu 2018. Imathandiza kuti magulu aang'ono asapereke ziwerengero zolumphalumpha, koma imafuna data yambiri ndi munthu woidziwa bwino. Kwa kafukufuku wamng'ono, kucheza mozama ndi amayi ochepa a gulu limodzi kumakuuzani chifukwa chake, chimene tebulo silingakuuzeni.

Thoko:
Ndingowonjezera kuchokera ku mbali ya makompyuta. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu atatu a makampani akuluakulu amene amaona nkhope pa chithunzi n'kunena ngati ndi ya mwamuna kapena mkazi. Pa amuna a khungu loyera, kulakwitsa sikunapitirire 0.8 peresenti. Pa akazi a khungu lakuda kunafika 34.7 peresenti. Ukaphatikiza onse, avareji inkaoneka yabwino ndithu. Anangogawa magulu anayi okha, osati 80, koma zinakwanira kuulula.

Kondwani:
Chabwino, pa kafukufuku ndamva. Koma ndionetseni pamene zimenezi zinasinthapo lamulo kapena ndondomeko. Nkhawa yanga ndi yoti zimathera m'mayunivesite ndi m'maholo a misonkhano.

Tadala:
Achimwene, chitsanzo chilipo. Ku South Africa, lamulo la 1993 la chipukuta misozi kwa ovulala kapena omwalira pa ntchito linkapatula antchito apakhomo. Mu 2012 Maria Mahlangu, amene anagwira ntchito pakhomo limodzi zaka 22, anamira m'dziwe losambiramo la abwana ake. Mwana wake Sylvia, amene ankadalira mayi akewo, anauzidwa kuti palibe chimene angalandire. Mlandu unafika ku Khothi la Malamulo Aakulu a dzikolo, ndipo mu Novembala 2020 khothilo linagamula kuti kupatulako n'kosemphana ndi malamulo a dziko, n'kulamula kuti chigamulocho chigwire ntchito kuyambira pa 27 Epulo 1994. Chigamulocho chinagwiritsa ntchito intersectionality mosabisa. Chinati antchito apakhomo ambiri ndi amayi achikuda osauka, ndipo kupatulidwa kwawo kunachokera ku mbiri ya tsankho la khungu, jenda ndi chuma pamodzi.

Koma nkhawa yanu ili ndi maziko. Ku Britain, lamulo la Equality Act la 2010 lili ndi gawo 14, lololeza munthu kudandaula tsankho la zifukwa ziwiri zophatikizana. Nyumba ya malamulo inalivomereza, koma boma linasiya gawo limenelo osaliyambitsa kugwira ntchito. Pa mapepala a mayiko onse mawu alipo ambiri. Ndime 6 ya mgwirizano wa United Nations wa ufulu wa anthu aulumali, wa 2006, imanena kuti amayi ndi atsikana aulumali amakumana ndi tsankho lambalimbali. Mgwirizano wa ku Maputo wa 2003, wa mayiko a mu Africa pa ufulu wa amayi, uli ndi ndime 22 ya amayi okalamba, 23 ya amayi aulumali, ndi 24 ya amayi amene ali pamavuto, kuphatikizapo osauka ndi amene ali m'ndende ali oyembekezera kapena oyamwitsa. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi mzere wa mu bajeti.

A Nachisale, pa nkhani yanu ya nkhanza, Crenshaw yemweyo mu 1991 analemba za amayi obwera ku America kudzera m'banja. Lamulo la 1986 linkafuna kuti banja likhale zaka ziwiri munthu asanapatsidwe chilolezo chokhazikika, ndiye ambiri ankapirira kumenyedwa poopa kubwezedwa kwawo. Malo ena othawirako ankabweza amayi osalankhula Chingerezi. Ndi zofanana kwambiri ndi zimene a Chimwemwe afotokoza.

Mayi Nankhoma:
Ine chimene chimandipweteka n'chakuti mawu amenewa asanduka chidindo cha pa kalata yopempha ndalama. Opereka thandizo akangowaika pa fomu, aliyense amalemba mzere wautali uja: amayi, achinyamata, aulumali, okalamba ndi magulu ena ovutika. Mzere womwewo umakopedwa m'pulojekiti ya madzi, ya maphunziro, ya ulimi. Ukatsegula tsamba la bajeti, womasulira mulibe, ulendo wokafika kutali mulibe, wosamalira ana pa nthawi ya msonkhano mulibe.

Chenjezo lachiwiri, ana anga: musangokopera magulu a dziko lina. Ku America khungu ndi nkhani yaikulu chifukwa cha mbiri ya ukapolo. Ku India amayi a gulu la Dalit, limene limayesedwa lotsika pa onse, akhala akunena kuti omenyera ufulu wa amayi sangawamvetse osayang'ana dongosolo la caste, logawa anthu m'magulu apamwamba ndi apansi potengera banja limene anabadwiramo. Kwina chimene chimagwetsa mayi ndi umasiye, kwina chipembedzo, kwina kusowa chikalata cha unzika, kwina chinenero. Chandra Mohanty anadzudzula kalekale, mu 1984, ofufuza amene ankalemba za amayi a mayiko osauka ngati ndi munthu mmodzi, wosaphunzira, woponderezedwa, wodikira kupulumutsidwa. Ngozi yomweyo ilipo lero. Tikhoza kutenga "mayi waulumali wakumudzi" n'kumulemba ngati munthu wa mavuto okhaokha, osafunsa amene akupindula ndi mmene zinthu zakhalira, osayang'ananso wolemba fomu, wogawa bajeti ndi wosankha malo omangapo ofesi.

Kondwani:
Mayi Nankhoma, pa bajetipo ndi pamene ndayimabe ine. Ndalama ndi zochepa. Mukalipira womasulira chinenero chamanja kuti athandize amayi khumi, ndalama yomweyo ikanafikira amayi ena ambiri. Woyendetsa pulogalamu asankhe bwanji? Sindikunena kuti khumiwo alibe ufulu, koma funsoli limafika pa desiki ya munthu tsiku ndi tsiku.

Chimwemwe:
A Kondwani, kuwerengera kotero kukachitika chaka chilichonse, khumi omwewo amatsala chaka chilichonse, chifukwa nthawi zonse adzakhala odula kuwafikira. Komanso zimene timapemphazo sizithandiza ife tokha. Mukatsegula njira yolembera uthenga pambali pa yoimba, mayi wakumva amene mwamuna wake ali m'chipinda china, amene sangayerekeze kulankhula mokweza, agwiritsanso ntchito njira yomweyo. Mukafupikitsa fomu ndi kuilemba m'mawu osavuta, athandizidwa wosamva amene sanapite patali ndi sukulu, wachikulire, ndi wobwera amene chinenero akuchiphunzira kumene.

Kondwani:
Za uthenga wolembawo ndavomereza. Za womasulira ndikuonabe kuti wina ayenera kusankha, ndipo ndikufuna kafukufuku ngati wa a Nachisale azilembanso mtengo wake, kuti wopanga ndondomeko asakhale ndi pozembera.

Nachisale:
Zikomo nonse. Mtengowo ndiuikamo, a Kondwani. Ndatsala ndi nkhawa imodzi. Nkhani yake ndi ya nkhanza, ndipo ndikalemba kuti mayi wosamva wa zaka zakutizakuti wa dera lakutilakuti ananena izi, anthu a kumeneko amudziwa ngakhale dzina palibe. Kodi kupingasa kumeneku sikuika pachiswe anthu omwe tikufuna kuwateteza?

Bambo Mwale:
Kukhoza kutero ndithu, ndipo ofufuza ambiri saganizira zimenezi mpaka lipoti litatuluka. Ikani malire musanayambe: gulu lililonse lochepera nambala imene mwagwirizana ndi komiti yoona za chilungamo cha kafukufuku lisatuluke m'tebulo. Phatikizani misinkhu kapena madera oyandikana. Samalaninso kuti munthu asathe kupeza nambala yobisikayo pochotsera pa chiwonkhetso. Pa mawu a munthu mmodzi, tchulani chinthu chimodzi chokha chimene chikufunika kuti owerenga amvetse mfundo, zinazo zisiyeni. Ndipo malangizo a WHO pa kafukufuku wa nkhanza amati m'nyumba imodzi mufunse mayi mmodzi yekha, pamalo oduka mphepo, muli ndi kumene mungamutumize akafuna thandizo.

Chimwemwe:
Ndiwonjezere pa chilolezo. Fomu yopempha chilolezo ya masamba atatu ndi yovuta kwa osamva ambiri. Jambulani kanema waufupi wa chinenero chamanja wofotokoza zomwezo, ndipo munthu aloledwe kufunsa mafunso asanavomere. Womasulira asakhale wachibale, asakhalenso wa dera lomwelo, chifukwa anthu osamva m'dera limodzi amadziwana onse pamodzi ndi owamasulira. Ngati n'kotheka, lembani ntchito amayi osamva kuti akhale ofunsa mafunso, ndipo muwalipire mofanana ndi ofunsa ena onse. Mukamaliza kulemba, bweretsani zotsatirazo kwa amene munawafunsa lipoti lisanapite kwa akuluakulu, kuti aone ngati mwawamva bwino komanso ngati pali mzere umene ungawaulule.